Khansa ndi maumbidwe a mapuloteni: zomwe zimachitika jini ikasintha

Khansa ndi matenda omwe amayamba maselo a m'thupi akamagawikana mopanda malire, osamveranso malamulo owauza nthawi yokula, yopuma ndi yofa. Munthu amaiona ngati chotupa, chilonda chosapola kapena vuto la magazi, koma chiyambi chake chimakhala m'kati mwa selo limodzi. M'menemo jini imasintha, ndipo puloteni yopangidwa motsatira jiniyo imatuluka ndi maumbidwe ena. Popeza puloteni imagwira ntchito molingana ndi mmene idaumbidwira, maumbidwe akasintha ntchito nayo imasintha. Puloteni ina imaleka kugwira ntchito, ina imagwira osapuma, ina imayamba ntchito yomwe siidali yake. Kudziwa zimenezi n'kumene kwathandiza akatswiri kumvetsa chifukwa chake khansa zimasiyana, komanso kupanga mankhwala olunjika pa puloteni imodzi yolakwika.

Kuchokera ku jini kufika ku puloteni

Ambirife timamva za mapuloteni pa nkhani ya zakudya zomanga thupi monga nyemba, nsomba ndi mazira. M'kati mwa selo, mapuloteni ndiwo antchito enieni. Ena amanyamula mpweya m'magazi, ena amagaya chakudya, ena amatenga uthenga kuchokera kunja kwa selo kupita nawo m'kati, ndipo ena amakonza DNA ikawonongeka.

Malangizo opangira mapuloteni amasungidwa mu DNA, ulusi wautali wolembedwa ndi zilembo zinayi zokha: A, C, G ndi T. Ulusiwu udakulungidwa m'timitolo totchedwa ma chromosome. Munthu ali ndi ma chromosome 46, theka lochokera kwa mayi ndi theka kwa bambo, ndipo theka lililonse lili ndi zilembo pafupifupi 3 biliyoni. Jini ndi chigawo cha DNA chokhala ndi malangizo a puloteni inayake. Majini otere alipo pafupifupi 20,000, ndipo ambiri mwa iwo munthu amakhala nawo awiriawiri, imodzi kuchokera kwa kholo lililonse.

Puloteni imamangidwa ndi tizidutswa totchedwa ma amino acid, tomwe tilipo mitundu 20. Selo limawerenga zilembo za jini zitatuzitatu, ndipo zilembo zitatu zilizonse zimaimira amino acid imodzi kapena lamulo loti kumanga kuthere pomwepo. Tizidutswato timatungidwa motsatizana ngati mikanda pa ulusi. Koma ulusi wa mikandawu sukhala wowongoka. Ma amino acid amasiyana kukula. Ena amathawa madzi n'kukabisala pakati, ena amakhala kunja, ena ali ndi mphamvu ya magetsi yokoka kapena yokankha anzawo. Chifukwa cha zimenezi ulusiwo umadzipinda wokha mpaka kukhala kanthu ka maumbidwe akeake, kokhala ndi timphako, timikwaso ndi timitunda momwe zinthu zina zimalowa monga kiyi amalowera m'loko. Wasayansi wa ku America Christian Anfinsen adasonyeza kuti ndondomeko ya ma amino acid ndiyo imalamula kapindidwe kameneka, ndipo adalandira mphoto ya Nobel mu 1972.

Matenda a sickle cell, ngakhale si khansa, amasonyeza kukula kwa nkhaniyi. M'zaka za m'ma 1950, Vernon Ingram wa ku Cambridge adapeza kuti vuto lonse limachokera pa amino acid imodzi yokha ya puloteni ya hemoglobin: pamalo a nambala 6 pamakhala valine m'malo mwa glutamic acid. Kusintha kumodziko kumachititsa mapuloteniwo kumatana, maselo ofiira n'kupindika ngati chikwakwa.

Mitundu ya kusintha kwa majini

Kuti tione mmene zolakwika zimasiyanirana, titenge chiganizo cha mawu a zilembo zitatuzitatu: ana awa ali uko.

Mtundu woyamba ndi pamene chilembo chimodzi chalowa m'malo mwa chinzake. Chiganizo chingakhale "ana awo ali uko", chomwe chikumvekabe koma chasintha tanthauzo, kapena "ana awa adi uko", chomwe chasokonekera. M'puloteni, izi zikutanthauza kuti amino acid imodzi yasinthana ndi ina. Akatswiri amalemba kusintha kotere mwachidule. Mwachitsanzo G12D ikutanthauza kuti pamalo a nambala 12, pomwe padali glycine, palowa aspartic acid.

Mtundu wachiwiri ndi pamene chilembo chosinthikacho chapanga lamulo loimitsa kumanga nthawi isanakwane. Chiganizo chimathera pa "ana awa", ndipo puloteni imatuluka yoduka kapena osatuluka n'komwe.

Mtundu wachitatu ndi pamene chilembo chimodzi kapena ziwiri zachoka kapena zawonjezeka. Popeza selo limawerengabe zitatuzitatu, zonse za kutsogolo zimasokonekera. Tikachotsa "n" m'chiganizo chija timapeza "aaa waa liu ko".

Palinso kusintha kokhudza zigawo zikuluzikulu. Jini yonse ikhoza kufufutika, ikhoza kukoperedwa kambirimbiri, kapena ma chromosome awiri akhoza kuthyoka n'kusinthana zidutswa, kotero kuti majini awiri omwe adali kutali amalumikizana.

Majini okhudzidwa ndi khansa ali m'magulu awiri akuluakulu. Gulu loyamba limapanga mapuloteni olimbikitsa selo kugawikana. Awa amayambitsa vuto akamagwira ntchito mopitirira muyeso. Gulu lachiwiri limapanga mapuloteni oletsa selo kugawikana mwachisawawa kapena okonza DNA. Awa amayambitsa vuto akafooka.

Swichi yokana kuzima

Chitsanzo chodziwika kwambiri cha gulu loyamba ndi banja la mapuloteni a RAS. Mu 1982 magulu a asayansi otsogoleredwa ndi Robert Weinberg, Michael Wigler ndi Mariano Barbacid adapeza kuti m'maselo a khansa ya chikhodzodzo jini ya HRAS idasiyana ndi yabwinobwino pa chilembo chimodzi chokha. Aka kadali koyamba kuti kusintha kwa chilembo chimodzi kupezeke m'jini yoyambitsa khansa ya munthu.

Puloteni ya RAS imagwira ntchito ngati swichi ya magetsi. Ikagwira kanthu kotchedwa GTP imakhala yoyaka, ndipo imauza selo kuti ligawikane. Kuti izime, iyenera kudula GTP kukhala GDP, ndipo imachita zimenezi mothandizidwa ndi puloteni ina yomwe imalowetsa kachala kake pafupi ndi malo a nambala 12. Pamalo amenewa pamakhala glycine, yomwe ndi yaing'ono kuposa ma amino acid ena onse, choncho imasiya mpata woti kachalako kalowe. Glycine ikachoka n'kulowa ina yokulirapo monga aspartic acid, valine kapena cysteine, mpata uja umatsekeka. GTP siidulidwa msanga, swichi imakhala chiyakire, ndipo selo limangolandirabe lamulo logawikana. Kusintha kwa jini ya KRAS, ya m'banja lomweli, kumapezeka m'khansa pafupifupi 90 mwa 100 zilizonse za chiwalo cha pancreas chomwe chimapanga insulin, komanso pafupifupi 40 mwa 100 za m'matumbo aakulu.

Uthenga wochokera ku RAS umalandiridwa ndi puloteni ya BRAF, ya m'gulu lotchedwa kinase. Ntchito ya ma kinase ndi kutenga phosphate kuchokera ku ATP, chinthu chosunga mphamvu m'selo, n'kukamata pa mapuloteni ena kuti ayambe ntchito. BRAF ikapuma, kachingwe kena ka m'thupi mwake kamapindikira m'kati n'kutseka pogwirira ntchito, ndipo valine ya pa nambala 600 imathandiza kukagwira pamenepo. Mu 2002 akatswiri a ku Sanger Institute ku Britain adapeza kusintha kwa V600E, komwe glutamic acid imalowa m'malo mwa valine. Glutamic acid ili ndi mphamvu ya magetsi yomwe imakankhira kachingweko kunja, kotero puloteniyo imakhala yotsegula nthawi zonse ngakhale RAS isanaitume. Kusintha kwa BRAF kumapezeka pafupifupi m'theka la khansa zapakhungu za mtundu wa melanoma.

Zofanana ndi zimenezi zimachitika pa EGFR, puloteni yokhala pakhoma la selo yomwe imadikira uthenga wochokera kunja. Mu 2004 zidadziwika kuti m'khansa zina za m'mapapo, makamaka za anthu osasuta fodya, kusintha monga L858R kumaichititsa kugwira ntchito popanda uthenga uliwonse.

Mapuloteni awiri kukhala amodzi

Mu 1960 Peter Nowell ndi David Hungerford a mumzinda wa Philadelphia adaona chromosome yofupika modabwitsa m'maselo a odwala khansa ya m'magazi yotchedwa chronic myeloid leukaemia. Mu 1973 Janet Rowley wa ku Chicago adasonyeza kuti chromosome ya nambala 9 ndi ya nambala 22 zimakhala zitasinthana zidutswa. Pomwe zidutswazo zakumana, jini ya BCR imalumikizana ndi ya ABL, ndipo selo limapanga puloteni yatsopano yotchedwa BCR-ABL, yomwe m'thupi la munthu wathanzi mulibe.

ABL ndi kinase yokhala ndi chotsekera chakechake. Kumayambiriro kwa ulusi wake kuli kamchira ka mafuta komwe kamalowa m'kamphako ka puloteni yomweyo n'kuimanga kuti ikhale chete. Pa kulumikizana kuja, mbali yokhala ndi kamchirako imatayika, ndipo pamalo pake pamabwera chidutswa cha BCR chomwe chimakonda kumatana ndi zinzake. Mapuloteniwo amaunjikana n'kumayatsana okhaokha, ndipo mafuta a m'mafupa amatulutsa maselo oyera ochuluka kuposa omwe thupi likufuna.

Alonda ofooka

M'gulu lachiwiri, puloteni yofunika koposa ndi p53, yomwe idapezeka mu 1979 ndi magulu angapo a asayansi, kuphatikizapo a David Lane ndi Arnold Levine. Jini yake, TP53, ili pa chromosome ya nambala 17, ndipo puloteniyo ili ndi ma amino acid 393. DNA ikawonongeka, p53 imachuluka m'selo, imakamatirira pa malo ena a DNA n'kuyatsa majini oimitsa kugawikana mpaka kukonza kutatha. Kuwonongeka kukakhala kwakukulu, imalamula selo kuti lidziphe. Jini imeneyi imapezeka itasintha pafupifupi m'theka la khansa zonse za anthu.

Chithunzi cha maumbidwe a p53 itagwira DNA chidatuluka mu 1994 kuchokera ku gulu la Nikola Pavletich ku New York, ndipo chidasonyeza kuti zolakwika zili m'mitundu iwiri. Zina, monga za pa nambala 248 ndi 273, zimachotsa arginine yomwe imakhudza DNA mwachindunji. Puloteni imakhala yopindika bwinobwino koma yopanda zala zogwirira. Zina, monga R175H, zimagwetsa chimango chenichenicho. Malo a nambala 175 ali pafupi ndi kachitsulo ka zinc komwe kamagwirizitsa zingwe ziwiri za puloteniyi, ndipo akasintha zingwezo zimamasuka. Vuto limakula chifukwa chigawo cha p53 chogwira DNA n'chosalimba mwachibadwa: chimayamba kumasuka pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 45, pamene thupi limakhala pa 37. Kufooka pang'ono kokha n'kokwanira kuti chimasuke m'thupi momwemo. Kusintha kwa Y220C, mwachitsanzo, kumachotsa tyrosine yaikulu n'kuikapo cysteine yaing'ono, pamalopo n'kutsala dzenje lomwe limafooketsa puloteni yonse.

Palinso china. Mapuloteni a p53 amagwira ntchito anayianayi, atamangana pamodzi. Ngati jini imodzi mwa ziwiri zija yasintha, mapuloteni abwino ndi olakwika amasakanikirana m'magulu a anayiwo. Akakhala ofanana kuchuluka, gulu limodzi lokha mwa 16 ndilo lingakhale la abwino okhaokha. Akuluakulu amati nsomba ikawola imodzi zonse zawola, ndipo ndi mmene puloteni yolakwika imafooketsera zinzake.

Njovu ya ku Africa ili ndi makope pafupifupi 20 a jini ya TP53, pamene munthu ali ndi imodzi kuchokera kwa kholo lililonse. Asayansi omwe adafalitsa zimenezi mu 2015 amaganiza kuti n'chimodzi mwa zifukwa zomwe njovu sizidwala khansa kawirikawiri ngakhale zili ndi maselo ochuluka zedi.

Alonda ena amawonongeka mwa kuduka. Mu 1971 Alfred Knudson adafufuza khansa ya m'diso ya ana yotchedwa retinoblastoma, yomwe chizindikiro chake choyamba nthawi zambiri ndi kuyera kwa mwana wa diso. Iye adaona kuti pamafunika kuti makope onse awiri a jini awonongeke kuti khansa iyambe. Mwana wobadwa ndi kope limodzi lowonongeka kale amangotsala ndi limodzi, n'chifukwa chake amadwala msanga ndipo kawirikawiri maso onse awiri. Jiniyo, RB1, idapezeka mu 1986. Puloteni yake imagwira ndi kutsekereza mapuloteni ena omwe amayambitsa kukopera DNA, ikasowa, amamasuka.

Majini a BRCA1 ndi BRCA2, omwe adapezeka mu 1994 ndi 1995, amapanga mapuloteni olumikiza DNA ikaduka. BRCA1 yathunthu ili ndi ma amino acid 1,863. Pali kusintha kwina kodziwika bwino komwe zilembo ziwiri zokha, A ndi G, zimachoka chakumayambiriro kwa jiniyi. Kuwerenga kumasokonekera ndipo kumanga kumaima ma amino acid asanapitirire 40. Amayi obadwa ndi zolakwika zotere amakhala pa chiopsezo chachikulu cha khansa ya m'mawere ndi ya m'thumba la mazira.

Ntchito yachilendo ndi kuchuluka kopitirira

Nthawi zina puloteni yosinthika imayamba ntchito ina. Puloteni ya IDH1 imathandiza selo kuphwanya chakudya mwa kusandutsa isocitrate kukhala alpha-ketoglutarate. Mu 2008 kusintha kwa R132H kudapezeka m'zotupa za mu ubongo, ndipo chaka chotsatira zidadziwika kuti puloteni yosinthikayo imatenga alpha-ketoglutarate n'kupanga chinthu china, 2-hydroxyglutarate. Chinthuchi chimaunjikana m'selo n'kutsekereza mapuloteni omwe amayang'anira majini oyenera kuyaka ndi oyenera kuzima, kotero selo limalephera kukhwima.

Nthawi zinanso maumbidwe a puloteni amakhala abwinobwino, vuto n'kukhala kuchuluka kwake. M'khansa za m'mawere 15 mpaka 20 mwa 100 zilizonse, jini ya HER2 imakoperedwa kambirimbiri. Mapuloteni a HER2 amadzaza khoma la selo mpaka kumagundana n'kuyatsana popanda uthenga wochokera kunja.

Chitsanzo china n'chapafupi ndi kwathu. Burkitt lymphoma, khansa yomwe nthawi zambiri imatupitsa nsagwada kapena mimba, ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri pakati pa ana m'Malawi. Dokotala Denis Burkitt adaifotokoza mu 1958 akugwira ntchito ku Kampala m'dziko la Uganda. M'maselo a khansayi, jini ya MYC imachoka pa chromosome ya nambala 8 n'kukakhala, kawirikawiri, pa ya nambala 14, pafupi ndi majini opanga asilikali a m'thupi. Malo amenewo amakhala otanganidwa nthawi zonse m'maselo oyera a mtundu wa B, choncho MYC imapangidwa mosalekeza ndipo chotupa chimakula mwamsanga kwambiri. Ku Africa khansayi imayendera limodzi ndi malungo obwerezabwereza komanso kachilombo ka Epstein-Barr, komwe kadapezeka koyamba mu 1964 m'maselo a chotupa chomwechi. Kukula msangako kumachititsanso kuti imve mankhwala mwana akafika kuchipatala nthawi ikadalipo.

Zomwe zimasintha majini

Khansa 5 mpaka 10 zokha mwa 100 zilizonse ndizo zimachokera ku jini yolakwika yomwe munthu adabadwa nayo. Zolakwika zambiri zimachitika m'moyo wa munthu, m'selo limodzi la chiwalo china, ndipo sizipita kwa ana ake. Zina zimabwera mwangozi selo likamakopera DNA pogawikana, n'chifukwa chake khansa imachuluka anthu akamakalamba. Zina zimabwera ndi zinthu zakunja, ndipo chilichonse chimasiya chizindikiro chakechake.

Utsi wa fodya uli ndi poizoni yemwe amamatirira pa chilembo cha G, ndipo pokopera pamalopo pamalowa T. Mu jini ya KRAS, zilembo za GGT zoimira glycine ya pa nambala 12 zimasanduka TGT, zoimira cysteine. Kumeneku ndiye kusintha kwa G12C, kofala m'khansa ya m'mapapo ya anthu osuta. Kuwala kwa dzuwa kumasandutsa C kukhala T m'maselo a pakhungu, kuphatikizapo m'jini ya TP53. Anthu achialubino, omwe khungu lawo lilibe melanin wokwanira woteteza, amakhala pa chiopsezo chachikulu, ndipo n'chifukwa chake zipewa, zovala zamikono yaitali ndi mafuta oteteza kudzuwa n'zofunika kwa iwo.

Chuku chomera pa mtedza ndi chimanga zosauma bwino chimatulutsa poizoni wa aflatoxin. Mu 1991 magulu awiri a asayansi, lina lofufuza odwala a ku Qidong m'dziko la China, lina a kumwera kwa Africa kuno, adapeza kusintha kofanana m'khansa ya chiwindi: pa nambala 249 ya p53, zilembo za AGG zimasanduka AGT, ndipo serine imalowa m'malo mwa arginine. Arginine imeneyi imachirikiza chingwe chogwira DNA, ndipo ikachoka chingwecho chimapotoka. Kusinthaku kudapezeka kwambiri mwa odwala a ku Mozambique, pamene m'mayiko omwe chakudya chilibe aflatoxin wambiri n'kosowa. Chiopsezo chimakula kwambiri munthu akakhalanso ndi kachilombo ka hepatitis B.

Tizilombo tina sitisintha jini koma timawononga puloteni yokhayo. Kachilombo ka HPV, komwe kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero, kamapanga mapuloteni awiri, E6 ndi E7. E6 imagwira p53 n'kuipereka ku makina a selo ophwanya mapuloteni osafunika. E7 imagwira puloteni ya RB n'kuilepheretsa ntchito. Alonda awiri aja amachoka nthawi imodzi ngakhale majini awo ali bwinobwino. Mitundu ya HPV 16 ndi 18 imayambitsa pafupifupi 70 mwa 100 za khansa imeneyi, ndipo Harald zur Hausen wa ku Germany adalandira mphoto ya Nobel mu 2008 chifukwa chotulukira mgwirizanowu. Khansa ya khomo la chiberekero ndiyo yofala koposa pakati pa amayi m'Malawi, ndipo dziko lino lidayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana m'maboma onse mu 2019.

Mankhwala olunjika ndi malire ake

Puloteni yolakwika ikakhala ndi maumbidwe odziwika, n'zotheka kupanga mankhwala olowa m'kamphako kake. Imatinib, yemwe Brian Druker adatsogolera kumuyesa pa odwala, amalowa pamalo pomwe BCR-ABL imagwirira ATP n'kuimanga ili chitsekere. Adavomerezedwa ku America mu 2001, ndipo odwala ambiri omwe amamwa mankhwalawa mokhulupirika tsopano amakhala ndi moyo zaka zambiri. Trastuzumab, wolimbana ndi HER2, adavomerezedwa mu 1998, ndipo vemurafenib, wa BRAF V600E, mu 2011. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidaika imatinib ndi trastuzumab pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2015.

KRAS idakanika kwa zaka zoposa 30 chifukwa thupi lake n'losalala, lopanda mphako yooneka. Mu 2013 gulu la Kevan Shokat ku San Francisco lidapeza kamphako kobisika pafupi ndi cysteine ya G12C. Cysteine imatha kumangana ndi mankhwala mosamasukanso, ndipo popeza KRAS yabwinobwino ilibe cysteine pamalopo, mankhwalawo amagwira yolakwika yokha. Sotorasib, wopangidwa motsatira nzeru imeneyi, adavomerezedwa mu 2021.

Komabe maselo a khansa amapitiriza kusintha. Mu BCR-ABL, kusintha kwa T315I kumachotsa threonine yomwe imatinib amagwirapo, n'kuikapo isoleucine yokulirapo yomwe imatseka khomo. Mu EGFR, kusintha kwa T790M kumachititsa puloteni kugwira ATP mwamphamvu kuposa mankhwala oyamba. Selo limodzi lokhala ndi kusintha kotere limapulumuka, limaswana, ndipo matenda amabwerera. Pofuna kuthana ndi zimenezi padapangidwa ponatinib, wovomerezedwa mu 2012, ndi osimertinib, wovomerezedwa mu 2015. Mu 2021 padavomerezedwa asciminib, yemwe amalowa m'kamphako ka kamchira ka mafuta kaja, n'kubwezeretsa chotsekera chomwe ABL idataya.

Kutseka puloteni yogwira ntchito mopitirira n'kosavuta kusiyana ndi kudzutsa yomwe yafooka kapena kusowa. N'chifukwa chake mankhwala ambiri olunjika ndi a gulu loyamba lija. Pa BRCA, akatswiri adadzera njira ina: olaparib, wovomerezedwa mu 2014, amatseka puloteni ina yokonza DNA yotchedwa PARP. Selo labwino limapulumuka chifukwa lili ndi BRCA, koma la khansa, lomwe lidataya kale BRCA, limatsala lopanda pothawira ndipo limafa.

Kusiyanitsa zoopsa ndi zosaopsa

Chotupa chimodzi chikhoza kukhala ndi zosintha zikwizikwi mu DNA yake, koma zomwe zikuyendetsa khansayo kawirikawiri sizipitirira 10. Zotsalazo zimangotengeka nazo. Zina sizisintha n'komwe amino acid, popeza magulu angapo a zilembo zitatu amatha kuimira amino acid imodzimodzi. Zina zimagwera kunja kwa puloteni, pamalo opanda ntchito yaikulu. Kuti adziwe choopsa, akatswiri amaona ngati kusinthako kukupezeka mobwerezabwereza mwa odwala osiyanasiyana, ndiponso pomwe kwagwera pa maumbidwe a puloteni.

Maumbidwewo amawaona pogwiritsa ntchito kuwala kwa X-ray, njira yomwe John Kendrew adaonera puloteni yoyamba mu 1958, komanso makina amphamvu oonera zinthu zowumitsidwa ndi chisanu. Zithunzizi zimasungidwa mu Protein Data Bank, nkhokwe yomwe idakhazikitsidwa mu 1971 ndipo tsopano ili ndi zoposa 200,000. Makompyuta nawo ayamba kulosera kapindidwe ka puloteni kuchokera pa ndondomeko ya ma amino acid yokha. Demis Hassabis ndi John Jumper, omwe adapanga pulogalamu ya AlphaFold, adalandira mphoto ya Nobel mu 2024 limodzi ndi David Baker.

Popeza pamafunika zolakwika zingapo kuti selo lisanduke la khansa, ndipo zimaunjikana kwa zaka, pamakhala nthawi yochitapo kanthu. Katemera wa HPV amaletsa E6 ndi E7 kufika m'selo. Katemera wa hepatitis B, pamodzi ndi kuumitsa bwino mtedza ndi chimanga ndi kutaya zachuku, zimateteza chiwindi. Kusiya fodya kumachepetsa zolakwika zatsopano m'mapapo. Kuyezetsa khomo la chiberekero kumapeza maselo omwe ayamba kusintha asanasanduke khansa, ndipo mwana wotupa nsagwada kapena woyera mwana wa diso ayenera kuonedwa ndi dokotala mosachedwa. Kuwongola mtengo mpoyamba.